Kodi pa Linux munthu angasinthedi chilichonse?

Anyamata okonza makompyuta amakonda kunena kuti pa Linux maonekedwe a chilichonse amasinthika mmene mwini afunira. Mawuwa ngoona mbali imodzi yokha.

Kalelo, X Window System, pulogalamu yoonetsa mawindo pa kompyuta, itabadwira ku MIT mu 1984, wofuna mawindo a mtundu wina ankatsegula fayilo n'kulembamo pamanja. Zinali za akatswiri okhaokha. Mu 1996 Matthias Ettrich anayambitsa desktop ya KDE ku Germany, chaka chotsatira Miguel de Icaza ndi Federico Mena a ku Mexico n'kuyambitsa ina ya GNOME, ndipo pang'onopang'ono kusankha theme kunafika kwa aliyense. Ubuntu inatuluka mu 2004 itavala bulauni. Mu 2006 Compiz inachititsa mawindo kutekeseka ukawakoka, desktop n'kumazungulira ngati bokosi. GNOME 3 itasintha zambiri mu 2011, osakondwa anapatuka n'kupanga MATE ndi Cinnamon.

Nkhani inakula mu 2019, pamene gulu la olemba mapulogalamu a GNOME linalemba kalata yopempha ogawa Linux kuti aleke kuveka mapulogalamu awo ma theme achilendo. Dandaulo lawo linali lomveka. Wolemba waika zilembo zakuda pamalo oyera. Wogawa, pofuna kuti Linux yake izindikirike msanga, wadetsa malowo, zilembo zija n'kuzimirira. Chizindikiro chomwe mwini anajambula mosamala chalowedwa m'malo ndi china. Wogwiritsa ntchito akakwiya amakalipira wolemba, yemwe kawirikawiri amagwira ntchitoyo mongodzipereka, pa vuto lomwe pa kompyuta yake silioneka n'komwe. Ambiri anapsa mtima poganiza kuti akulandidwa ufulu, chonsecho kalatayo sinaletse munthu kukongoletsa kompyuta yakeyake.

Kwa ine, cholakwika chinali kusowa kwa pangano. Ma theme a GTK 3, chida chomwe ankamangira mapulogalamu a GNOME, ankalembedwa mu CSS n'kumafika paliponse m'pulogalamu, popanda malire ogwirizana a zomwe wokongoletsa angakhudze. Aliyense ankathamangira kuoneka wosiyana, ntchito yoyesa ngati zonse zikuwerengeka n'kusowa mwini.

Kumapeto kwa 2021 kunabwera libadwaita, yomwe inamanga maonekedwe a mapulogalamu a GNOME pamalo amodzi. GNOME 42 ya mu 2022 inapereka mwayi wosankha kuwala kapena mdima, GNOME 47 ya mu 2024 n'kuwonjezera mitundu ingapo ya mabatani. Wofuna kusuntha ndi kupenta chilichonse lero amalowera ku KDE Plasma kapena Xfce, koma akatsegula pulogalamu yomangidwa ndi libadwaita kumeneko, imabwera ndi zovala zake.