Wakufa amene akuphunzitsabe madokotala

Mukaona wophunzira udokotala akutembenuza thupi la munthu pa foni, n'kumasenda khungu ndi chala kuti aone chiwindi, musaganize kuti zonsezi zinayamba ndi zojambula basi. Kumayambiriro kwake kuli munthu weniweni, dzina lake Joseph Paul Jernigan.

Mu 1981, ku Texas, Jernigan anathyola nyumba ya bambo wina wa zaka 75. Mwininyumbayo atamupezerera, iye anamupha. Khoti linagamula kuti nayenso aphedwe, ndipo pa 5 Ogasiti 1993 anamubaya jakisoni wakupha ali ndi zaka 39. Asanafe, m'busa wa kundende anamulimbikitsa kuti apereke thupi lake kwa asayansi. Anavomera.

Nthawi imeneyo, bungwe la National Library of Medicine linkafuna thupi lathunthu loti lisandutsidwe zithunzi za pakompyuta, pa ntchito yotchedwa Visible Human Project. Anaigwira ndi Victor Spitzer ndi David Whitlock a ku University of Colorado. Mtembowo anayamba auunika ndi CT ndi MRI, kenako anauumitsa gwa m'firiji.

Anthu amakonda kunena kuti anauduladula ngati buledi. Ayi. Makina ankapala milimita imodzi, kamera n'kujambula pamene paonekerapo, makina n'kupalanso. Zopalidwazo zinkangotha ngati fumbi. Kuyambira kumutu mpaka kuphazi panatuluka zithunzi zoposa 1,800, ndipo pomaliza thupi panalibe. Chimene chinatsala ndi magigabaiti pafupifupi 15, omwe anatulutsidwa mu 1994. Lero zimenezo zingakwane m'foni mwanu, ngakhale bandulo yake ingakulizeni.

Phindu lake linali lalikulu. Mtembo wa m'kalasi ukadulidwa wadulidwa. Mukaphonya mtsempha, simungaubwezere. Koma thupi la pakompyuta mumalitsegula, kulitseka, mawa n'kulitsegulanso, kaya muli ku Denver kaya ku Blantyre. Kuchokera pa zithunzizi anthu anapanga mapulogalamu ophunzirira ziwalo ndi oyeserera opaleshoni. Chodabwitsa n'chakuti thupi lachitsanzoli silinali lathunthu kwenikweni: Jernigan anali atachotsedwa kale apendikisi ali moyo. Mu 1995 anawonjezera thupi la mayi wa zaka 59 wa ku Maryland, lomwe analipala mopyapyala kwambiri mpaka zithunzi zinapitirira 5,000.

Apa ndi pamene ine mtima umandivuta. Jernigan anavomera kupereka thupi, inde, koma sankadziwa kuti m'kati mwake mudzaonedwa ndi dziko lonse pa intaneti. Komanso munthu amene akudikira tsiku lophedwa, "inde" wake ndi womasuka bwanji? Madokotala ena ku Vienna anapempha kuti zithunzizo zichotsedwe, ponena kuti achipatala asamapindule ndi chilango cha imfa. Sizinachotsedwe. Ife timasonkha ndalama kuti m'bale womwalirira ku Joni akagone kumudzi, ndiye tangoganizani maliro opanda choika m'manda, eti.

Patapita zaka, mayi wina, Susan Potter, anapita yekha kwa Spitzer kukadzipereka, akudziwa bwino zimene makina aja adzachite. Anakhalabe ndi moyo zaka zina pafupifupi 15, akucheza ndi ophunzira udokotala kuti amudziwe akadali wamoyo. Anamwalira mu 2015. Thupi lake linatulutsa zithunzi 27,000.