Mimba ya chingwe cha ku Chambe ndi masamu a onyamula zolemera

Aliyense amene anakwerapo phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe amaidziwa njira ya Skyline, ndipo mawondo ake amaikumbukira. Ndi yomweyo imene othamanga mpikisano wa Porters Race amakwera thukuta lili kamukamu. Dzina la njirayi linachokera ku chingwe chachitsulo chimene a zankhalango anakunga m'malere kuti chizitsitsa matabwa kuchoka ku Chambe, kumene kunali nkhalango ya paini wobzala, kukafika kumunsi. Kuchoka pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula kufika ku Chambe munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo pamwambapo sipafika galimoto. Chingwecho chinaleka ntchito, koma funso limene omanga ake analimbana nalo likadali pakamwa pa injiniya aliyense wa makina onyamulira: katundu akachoka pansi, kulemera kwake kudzera kuti, ndipo pofooka ndi pati?

Munthu wamba akaona chingwe chotere chitagwa mimba pakati, amati omanga anachita ulesi kuchikunga. Chonsecho mimbayo, imene m'mabuku a mainjiniya imatchedwa sag, ndi imene imapulumutsa chingwe. Mwachitsanzo, nsanamira ziwiri zatalikirana mamita 500, ndipo pakatikati palendewera mtolo wa matabwa wolemera tani imodzi. Chingwe chikatsika mamita 25 pakatipo, chimakoka nsanamira iliyonse ndi mphamvu ya matani pafupifupi 5. Wina akati achikunge kuti chizioneka bwino, mimba n'kutsala mamita 12.5, kukokako kumakwera kufika matani 10, mtolo uli womwe uja. Apatu kulemera kwa chingwe chenichenicho sikunalowe m'masamu, ndipo pa mtunda wautali chonchi chingwe chimatha kulemera kuposa katundu. N'chifukwa chake pa makina otere nkhawa yaikulu imakhala kumapeto, pa nangula: chimulu cha konkire chokwiriridwa pansi kapena mabawuti olowetsedwa m'thanthwe. Nangula akazuka, kulimba kwa waya kulibenso ntchito.

Kukoka ndi imodzi chabe mwa njira zimene katundu amazunzira chitsulo. Pa kireni imodzi, chingwe chimakokedwa. Mkono wautali uja, umene oyendetsa amautcha bumu, umapanikizidwa komanso kupindidwa. Phini wolumikiza zitsulo ziwiri amametedwa, mbali ina ikukankhira uku ina uko. Shafiti ya winchi imapotoledwa. Wokonza pulani amayenda ndi katundu m'maganizo kuyambira pa mbedza mpaka m'dothi, n'kumafunsa pa chitsulo chilichonse kuti chikumva ululu wa mtundu wanji.

Woopsa kwambiri pa onsewa ndi wa kupanikiza, chifukwa suchenjeza. Chitsulo chokokedwa chimayamba chatalika kaye chisanaduke. Koma chachitali ndi chowonda chikapanikizidwa, chimaima bwinobwino mpaka pa mphindi ina, kenaka n'kukhotera m'mbali kamodzin'kamodzi. Uku ndiye amati buckling. Katswiri wa masamu Leonhard Euler anakulongosola mu 1744: mzati ukatalika kawiri, mphamvu yake yopirira sitsika ndi theka ayi, imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha timizere tazitsulo topingasa timene timadzaza mikono ya makireni akuluakulu. Timadula chitsulo chachitali kukhala tizigawo tatifupitifupi ta makona atatu, ndipo chinthu cha makona atatu sichisintha maonekedwe pokhapokha mbali ina itathyoka. Kachitsulo kamodzi kotere kakapindika pogundidwa, mkono wonse wafooka, ngakhale maso aziti n'zazing'ono.

Boma la Mulanje lilibe nyumba zosanjikizana zofuna makireni a nsanja, koma zonyamula zilipo zambiri. Tiyi wakhala akulimidwa kuno kuyambira mu 1891 pamene Henry Brown anamubzala, ndipo lero mafakitale a ku Lujeri, Lauderdale ndi Esperanza ali ndi maboyila, makina oumitsira masamba ndi majenereta amene sanganyamulidwe pamanja. Pali malo opangira magetsi a Ruo-Ndiza a mamegawati 8.2, pali mapaipi a Blantyre Water Board amene amatenga madzi a Likhubula kupita ku Nguludi, palinso malole a makontena odutsa pa chipata cha Muloza. Ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa m'phiri miyala imene inatseka misewu ndi minda.

Miyala imeneyi ndi phunziro labwino la mawu oyamba pa ntchitoyi, omwe ndi kulemera. Maso amanama. Mwala wa m'phiri la Mulanje umalemera matani pafupifupi 2.7 pa kyubiki mita iliyonse, kotero chimwala cha mamita awiri m'litali, m'lifupi ndi msinkhu chimapitirira matani 21. Wonyamula wanzeru sakoloweka mbedza asanadziwe nambala imeneyi, komanso asanapeze pamene pali phata la kulemerako, chifukwa katundu akangochoka pansi amadzitembenuza yekha mpaka phatalo litakhala pansi penipeni pa mbedza. Amene waimira mbali yolakwika amadziwira pomwepo.

Ndiye pali nambala yolembedwa m'mbali mwa kireni, imene imapusitsa anthu ambiri, ophunzira omwe. Mkangano wake umamveka kulikonse kumene kireni yabwerekedwa kuchokera ku Blantyre. Kapitawo amati, "Achimwene, makina anuwa alembedwa matani 25, jeneretayi ndi ya matani 8 okha. Chovuta n'chiyani?" Woyendetsa amaloza pansi pafupi ndi matayala: "Bwana, 25 imeneyo ndi ya apa. Uko mukufuna ndikaikeko ndi mamita 15. Tiyeni tisendeze galimoto, apo ayi sinditukula." Woyendetsayo ndiye akulondola. Ndowa ya malita 20 munthu amayenda nayo ataigundiza ku ntchafu, koma atati aitambasulire dzanja kutsogolo, sangawerenge mpaka teni. Madzi ndi omwewo, chasintha ndi mtunda. Kulemera kuchulukitsa ndi mtunda wochoka pakati pa kireni kukafika pa mbedza ndiye moment, mphamvu yofuna kugwetsa makina chafufumimba kapena chamutu. Matani 25 pa mamita 3 amapereka 75. Gawani 75 yemweyo ndi mamita 15, mupeza matani 5, ndipo kunena zoona sangafike n'komwe, popeza mkono nawo uli ndi kulemera kwake kumene kukukokera kutsogolo. Zonsezi zimalembedwa pa tchati chimene chimakhala m'chipinda cha woyendetsa, chosonyeza malire a katundu pa mtunda uliwonse ndi kutalika kulikonse kwa mkono. Kulemera kwa mbedza ndi zomangira kumachotsedwanso pa malire omwewo. Zitsulo zolemera za kumbuyo kwa kireni ntchito yake ndi kulimbana ndi moment imeneyi.

Tchaticho chimaganiza kuti kireni yaima pamalo osalala ndi olimba. Ku Mulanje ganizo limeneli n'lofunika kulikayikira. Derali ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'Malawi, ndipo katondo wa m'minda ya tiyi, amene mu Okutobala amakana khasu, mu Febuluwale amamira ndi chidendene. Kireni ya matayala imatulutsa miyendo inayi n'kudzitukula, koma ikamazungulira ndi katundu kulemera kwambiri kumathamangira ku mwendo umodzi. Mwendowo ukasenza matani 20 pa kaphazi ka theka la mita mbali zonse, dothi limamva matani 80 pa sikweya mita. Poyala matabwa ochindikala kapena chitsulo cha mita imodzi ndi theka mbali zonse, nambalayo imatsika kufika pafupifupi 9. Makireni ambiri amene amagwa sikuti chitsulo chathyoka. Mwendo umodzi wangomira m'ngalande yakale yokwiriridwa kapena m'mphepete mwa dzenje.

Mphepo nayo siimalembedwa bwino pa nkhope ya katundu. Thanki yopanda kanthu kapena mtolo wa malata umapepuka pa sikelo koma umakola mphepo, n'kukankhira mkono cham'mbali, kumene sunapangidwire kulimba. Pa 11 Seputembala 2015 kireni yaikulu imene mkono wake unasiyidwa uli chiimire inagwetsedwa ndi mkuntho pa mzikiti waukulu wa ku Mecca, n'kupha anthu oposa 100. Sinanyamule kanthu pa nthawiyo. Kuno chiperoni chimawonjezera vuto lina: nkhungu ikatsika, woyendetsa saona manja a womupatsa zizindikiro, ndipo ntchito iyenera kuima.

Komatu makina onyamulira amene anthu ambiri a ku Mulanje amawaona tsiku ndi tsiku si kireni. Ndi tcheni buloko ya pa galaja, ku Chitakale kapena ku Limbuli, yokolowekedwa pa mitengo itatu ya bulugama yomangidwa pamwamba, kapena pa nthambi ya mango. Mnyamata mmodzi amakoka katcheni kakang'ono, kolokoto kolokoto, mikono yambirimbiri, injini ya minibasi n'kumakwera pang'onopang'ono, oyilo ali ndondondo. Magiya a m'kati mwake amasinthanitsa mtunda ndi mphamvu: dzanja limayenda ulendo wautali kuti katundu ayende waufupi, ndipo buleki yake imagwira yokha dzanja likasiya. Pa thupi la tcheni bulokoyo pamadindidwa malire ake, tani imodzi kapena ziwiri. Pa nthambi ya mango sipadindidwa kanthu. Mitengo itatu ija nayo, miyendo ikakhala yotangadza kwambiri, imafuna kutsetsereka n'kukhala pansi, ndipo amakaniko odziwa amaikumbira timayenje kapena kuimanga ndi tcheni m'munsi.

Pomanga injiniyo pamabisalanso masamu a mimba ya chingwe cha ku Chambe. Katundu wa matani 2 akapachikidwa pa zingwe ziwiri zoima chilili, chilichonse chimasenza tani imodzi. Zikatangadza n'kupanga ngodya ya madigiri 90 pa mbedza, chilichonse chimasenza matani 1.4. Pa madigiri 120 chilichonse chimasenza matani 2, katundu yense wathunthu. Chingwe chachifupi chimakakamiza ngodya yaikulu, kotero wosunga ndalama pogula chachifupi amakhala wagula ngozi.

Malire odindidwa aja amalembedwa SWL kapena WLL, ndipo si pamene chipangizo chimadukira. Chingwe cha waya chomangira katundu chololedwa matani 2 chimapangidwa kuti chiduke pa matani osachepera 10, kuwirikiza kasanu. Ena akamva zimenezi amaona ngati apatsidwa basera. Si basera ayi. Mpata umenewo unasungidwira zinthu zimene pepala silingaone: dzimbiri, kupindika pa kona yakuthwa, ndi kugwedeza. Katundu wonyamulidwa mothithimula, kapena wotsika mothamanga n'kuimitsidwa mwadzidzidzi, amatha kukoka chingwe kuwirikiza kawiri kulemera kwake. Pokoka lole imene yagwera m'ngalande mpamene izi zimaoneka bwino, chifukwa matope amagwira, kenaka n'kusiya nthawi imodzi.

Chinanso chimene chimadya mpatawo ndi kutopa kwa chitsulo. Chitsulo chimene chasenza ndi kutula kambirimbiri chimayamba kamng'alu kosaoneka, kawirikawiri m'mphepete mwa powotcherera kapena pa bowo la bawuti, ndipo kamng'aluko kamakula mpaka tsiku lina chitsulo chimaduka ndi katundu wopepuka amene chinanyamulapo dzulo. Woyamba kufufuza zimenezi anali Wilhelm Albert, mkulu wa migodi ya ku Clausthal ku Germany, amene anatopa ndi matcheni oduka m'migodi. Mu 1834 iye anapanga chingwe chopota cha mawaya, kholo la zingwe zonse za makireni a lero. Nzeru yake inali yoti tcheni imafa ndi mfundo imodzi yokha, pamene chingwe cha mawaya ambiri chimafa pang'onopang'ono, moonekera. Chingwe chofala cha 6x19 chili ndi mitolo 6, uliwonse wa mawaya pafupifupi 19, yozungulira mtima wa pakati.

Woyendera chingwe amavala magulovesi, n'kugwira kansanza mofungatira waya pamene winchi ikuzungulira pang'onopang'ono. Pamene kansanzako kakodwa, pali waya woduka. Amaimitsa, n'kupukuta girizi, kupinda chingwe pang'ono kuti tinsonga tituluke, kuwerenga, n'kuika choko. Amayang'anitsitsa malo amene amadutsadutsa pa pule ndi pafupi ndi mbedza, amayeza kunenepa kwa chingwe, ndipo akapeza poti mitolo yafutukuka kapena chingwe chinapindikapo mfundo, nkhani yatha. Chingwe chopindika sichiwongoledwa ndi hamala.

Lamulo la dziko lino la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limafuna kuti makina onyamulira, matcheni ndi zingwe za pa malo a ntchito zikhale ndi malire olembedwa komanso ziziyenderedwa nthawi ndi nthawi ndi munthu wodziwa. M'mafakitale akuluakulu mabuku ake amasungidwa. Pansi pa mtengo wa mango lamulolo limafika movutikira, ndipo kumeneko n'kumene mitu ya anthu imakhala pafupi kwambiri ndi katundu. Kireni yatsopano kapena yokonzedwa kwambiri imayesedwa ndi katundu woposa malire ake, kawirikawiri 125 pa 100, anthu atatalikira. Ya m'denga, yoyenda pa njanji m'kati mwa fakitale kapena m'nyumba ya makina a magetsi, amaiyezanso kugwa kwa mtanda wake pakati: pa mtanda wa mamita 15, malire amakhala cha m'ma mamilimita 20. Mbedza nayo ili ndi timadontho tiwiri todindidwa kukamwa kwake. Mtunda wa pakati pa timadonthoto ukakula, ndiye kuti mbedzayo inasenzapo zoposa msinkhu wake ndipo yayamba kuyasama. Yotere saiotcha pamoto kuti aibweze, saiwotchereranso. Amaidula pakati ndi gasi isanapite kwa ogula zitsulo zakutha, kuopa kuti mawa ingapezeke itapachikidwa pa galaja ina.