Kujambula mapulani a nyumba ku Rumphi: poyambira pake ndi katchulidwe ka mtengo

Anthu angapo akhala akundifunsa ku inbox za geni ya mapulani, ena akufuna kuyamba, ena akufuna kudziwa ngati sakuberedwa. Ndayankha mmodzimmodzi mpaka ndatopa, ndiye ndilembe kamodzi pano.

Ine sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira chifukwa cha fizi, koma ndinatulukako nditadziwa kujambula pa kompyuta. Ndimajambula nyumba zogona za anthu wamba pa boma, ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Phwezi. Si ine architect, ndipo nanunso musadzitchule choncho pa Facebook ngati simunalembetsedwe. Dzina limeneli lili ndi lamulo lake, Architects and Quantity Surveyors Act, ndipo pali bodi yomwe imalembetsa anthu ake. Maphunziro ake amachitikira ku MUBAS ku Blantyre, komwe kale kunkatchedwa Poly. Ife enafe ndi ojambula mapulani basi. Ikabwera ntchito ya nyumba yosanja, tchalitchi kapena loji, ndimaipereka kwa architect ndi injiniya olembetsedwa, chifukwa denga likagwera anthu sungazembe mlandu ponena kuti unaphunzirira pa YouTube.

Zida si zambiri: laputopu yosunga moto (za ESCOM mukuzidziwa), tepi ya mamita 30 kapena 50, kope ndi pensulo. Ambiri amagwiritsa AutoCAD kapena ArchiCAD, SketchUp ndi yabwino posonyeza kasitomala chithunzi cha 3D, ndipo wopanda ndalama angayambire pa Sweet Home 3D yomwe ndi yaulere.

Pulani yathunthu si kachithunzi kokongola ka pa WhatsApp ayi. Pamafunika floor plan yosonyeza zipinda ndi miyezo yake, kawirikawiri pa sikelo ya 1:100, maonekedwe a mbali zonse zinayi, section yosonyeza maziko, kutalika kwa khoma ndi denga, pulani ya denga, komanso site plan yosonyeza pomwe nyumba ikhale pa ploti, msewu uli kuti, chimbudzi kapena septic tank zikhala pati. Bilida akafika pamalo asamakuimbireni foni kufunsa kukula kwa chitseko.

Musanajambule, pitani mukaone malowo ndi maso anu. Rumphi si dera lathyathyathya lonse. Ploti ya m'chigwa cha Henga ndi yosiyana ndi ya ku Livingstonia kapena m'mapiri a Phoka komwe nthaka ndi yotsetsereka ndipo maziko okha amatha kudya ndalama ya denga. Kufupi ndi South Rukuru funsani okhala kale kuti madzi amafika pati mvula ikachuluka. Ndiponso tili m'dera la zivomezi. Mu Disembala 2009 anzathu a ku Karonga nyumba zambiri zinawagwera, ndipo pambuyo pake boma linatulutsa ndondomeko ya kamangidwe ka nyumba zolimba. N'chifukwa chake ine sindichotsa ring beam pa pulani ngakhale kasitomala adandaule bwanji za mtengo wa zitsulo. Mwini nyumba angasinthe penti ndi matailosi, koma apa sindigonja.

Funsaninso za mapepala a malo. Malo ambiri kuno ndi a makolo, odutsa kwa mafumu, ndipo malamulo a malo a 2016 anabweretsa njira yolembetsera malo oterowo. Physical Planning Act ya chaka chomwecho inaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, choncho amene akumanga pa boma kapena pa trading centre apititse pulani ku khonsolo isanakumbidwe ngalande ya maziko. Ndalama ya ku khonsolo ndi ya kasitomala, osati yochotsa pa malipiro anu. Zinenereni pachiyambi pomwe.

Tsopano mtengo, pomwe ambiri timalira.

Pali njira zitatu zomwe anthu amatsata. Akuluakulu olembetsedwa nthawi zambiri amatenga gawo la mtengo wa nyumba yonse. Kwa ife izi sizigwira, chifukwa mlimi wa fodya amamanga pang'onopang'ono, chaka chino maziko, chaka chamawa mpaka pa windo, ndipo iye mwini sadziwa kuti nyumbayo idzadya zingati. Njira yachiwiri ndi kuwerengera pa sikweya mita: nyumba ya mamita 10 mulitali ndi 9 mulifupi ndi masikweya mita 90, mumachulukitsa ndi mtengo wanu wa mita imodzi. Ndi yachilungamo, koma kuifotokoza kwa gogo wa ku Katowo ndi ntchito ina. Yachitatu ndi mtengo umodzi potengera zipinda zogona, ndipo ndi yomwe anthu amaimva msanga.

Ine ndimawerengera pa sikweya mita ndekha, kenako ndimatchula mtengo umodzi. Koma mtengowo ndimaumangirira ku thumba la simenti la 50kg. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anangosiya mitengo yake yakale pa flyer anapezeka akugwira ntchito ya sabata yonse pa ndalama ya bando. Nyumba ya zipinda ziwiri yosavuta ndimatchula mtengo wa matumba anayi, ya zipinda zitatu yokhala ndi self-contained ndi khonde matumba sikisi mpaka eyiti, kutengera kuvuta kwa denga. Imeneyi ndi mitengo yanga, si lamulo. Ubwino wake munthu womanga amadziwa mtengo wa simenti kuposa wa china chilichonse, ndipo mukamuuza kuti pulani yolakwika ingamutayitse matumba oposa pamenepo, samakangana kwambiri.

Thiransipoti yokaona malo ndi yapadera. Kupita ku Hewe ndi kubwerera si kofanana ndi kuyenda wapansi pa boma. Kusindikiza nakonso ndi kwapadera, makamaka mapepala aakulu a A1 omwe ine ndimakasindikizira ku Mzuzu. Kuwerengera zipangizo ndi ntchito inanso yolipiritsa. Mwachitsanzo mabuloko a 400mm ndi 200mm amalowa 12.5 pa sikweya mita imodzi ya khoma, ndiye khoma la mamita 10 lotalika mamita atatu limafuna mabuloko 375 musanachotse malo a zitseko ndi mawindo. Dziwani kuti kuyambira 2018 malamulo a NCIC amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, choncho pulani ya sitolo iganizire mabuloko.

Dipoziti ikhale theka, musanatsegule laputopu. Ndinaphunzira ndi misozi. Mkulu wina wa kwathu konkuno yemwe ali ku Joni anandipeza pa WhatsApp, mawu okoma, "mphwanga ndikonzere, ndalama si vuto". Ndinasintha pulaniyo kasanu, pabalaza pakule, khitchini isunthe, madamu sakufuna bafa pafupi ndi khomo. Nditatumiza PDF yathunthu kuti angoona, foni inasiya kuyankhidwa. Patatha miyezi ndinadutsa pa njinga n'kuona nyumba yanga ili pa ring beam. Lero ndimatumiza chithunzi chokhala ndi dzina langa pakati, chopanda miyezo. Miyezo imabwera Airtel Money kapena Mpamba ikalira. Kusintha kwaulere ndi kawiri kokha, kachitatu n'kolipira, ndipo zonsezi ndimazilemba mu meseji imodzi kasitomala n'kuyankha kuti wavomera.

Abale ndiye mutu wina. Amalume akakuuzani kuti "mwana wathu amajambula", dziwani kuti akuganiza zaulere. Ine ndimawatchulira mtengo wonse, kenako n'kuwachotserako mokweza mawu kuti adziwe zomwe ndawapatsa.

Geni imeneyi ili ndi nyengo. Ntchito imachuluka msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, alimi akayamba kulandira ndalama za ku okushoni ku Mzuzu, mpaka cha mu Okutobala mvula isanayambe. Januwale ndi Febuluwale foni imangokhala zii. Miyezi imeneyo ndimakhala ndikujambula zitsanzo zoika pa tsamba langa ndi kucheza ndi mabilida, chifukwa makasitomala anga ambiri anabwera kudzera mwa iwowo, osati pa Facebook.