Maclear: Dzina la ku Chembe Lomwe Lilinso pa Mwezi

Magetsi akazima ku Area 23 mu Lilongwe mwezi uli pamwamba, madontho akuda a pankhope yake amaoneka bwino kwambiri. Madonthowo ndi zigwa zikuluzikulu za miyala yomwe kale inasungunuka n'kuyenderera ngati phala, kenako n'kuuma. Chimodzi mwa zigwazo chimatchedwa Mare Tranquillitatis, ndipo n'kumene chombo cha Apollo 11 chinatera pa 20 July 1969. Cha m'mphepete mwa chigwa chomwecho, kumpoto chakumadzulo, kuli chidzenje chomwe dzina lake Mmalawi aliyense analimvapo. Dzinalo ndi Maclear, lomwe lija la Cape Maclear ya ku Mangochi.

Chidzenjecho si chotchuka, ndipo ndi maso okha simungachione. Kukula kwake kuchoka mbali ina kufika mbali ina ndi makilomita pafupifupi 20, kucheperako pang'ono mtunda wochoka m'tauni ya Lilongwe kukafika kubwalo la ndege ku Lumbadzi. Chinakumbika pamene chimwala chochokera mumlengalenga chinagwera pa mwezi. Pambuyo pake miyala yosungunuka ija inalowamo n'kudzaza pansi pake, choncho lero n'chosaya, m'kati mwake muli tetetete, ndipo chomwe chinatsala ndi mkombero waufupi chabe. Pafupi pake pali chidzenje china chokulirapo chotchedwa Ross, komanso ming'alu yaitali yomwe nayonso inatenga dzina lomweli, Rimae Maclear. Amene ali ndi telesikopu achifunefune mwezi usanafike theka, pamene dzuwa likuwomba malowo chapambali ndipo mkomberowo uli ndi mthunzi.

Nanga Maclear anali yani? Thomas Maclear anabadwira ku Ireland mu 1794. Anayamba ndi ntchito ya udokotala ku England, koma mtima wake unali pa nyenyezi. Mu 1833 anasankhidwa kukatsogolera malo oonera zakuthambo a ku Cape of Good Hope, ndipo anagwira ntchitoyo mpaka 1870. Anayeza malo a nyenyezi zambiri za kuthambo la kummwera, anabwerezanso muyeso wa kupindika kwa dziko lapansi womwe Mfalansa Lacaille anachita ku Cape komweko zaka za m'ma 1750. Anamwalira ku Cape Town mu 1879. Mwambo wotcha zidzenje za pa mwezi mayina a akatswiri unakhazikika ndi mapu a Giovanni Riccioli a mu 1651, ndipo mu 1935 bungwe la International Astronomical Union linavomereza mndandanda wa mayina womwe Maclear alimo. Kumwambako dzinali n'lomuyenera, palibe angatsutse.

Kuti lifike kunyanja kwathu, linadzera mwa David Livingstone. Mu 1852 Livingstone anali ku Cape Town, ndipo Maclear anamuphunzitsa kudziwa pomwe munthu waima pa dziko lapansi poyeza dzuwa, nyenyezi ndi mwezi. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa mwezi womwewu ndi umene unali chida chawo. Kalelo kunalibe GPS. Woyenda m'tchire ankatenga chipangizo choyezera chotchedwa sextant usiku, n'kuyeza mpata wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi yodziwika, n'kulemba nthawi yake. Manambala oterewa Livingstone ankawatumiza ku Cape Town, kumene Maclear ankawawerengetsa ndi kuwakonza. Motero malo ambiri a m'mbali mwa Zambezi ndi Shire analowa pa mapu a ku Ulaya atadutsa m'manja mwa munthu ameneyu. Livingstone anafika ku Nyanja ya Malawi mu September 1859. Atabweranso ndi bwato mu 1861, anazungulira mapiri omwe analowerera m'madzi kumapeto kwa dera la Nankumba, ndipo anawatcha Cape Maclear pothokoza mnzakeyo.

Dzinalo linamera mizu chifukwa cha mishoni. Mu October 1875 gulu lotsogozedwa ndi E.D. Young, momwe munalinso Dr Robert Laws, linafika pamalopo ndi sitima ya Ilala n'kutsegula Livingstonia yoyamba. Malungo anawasautsa, manda a ena mwa iwo akadalipo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Lero Cape Maclear ili m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984.

Komabe mwezi ndi Nankumba n'zosiyana. Pa mwezi palibe amene analandidwa dzina, chifukwa kulibe mudzi, kulibe mfumu. Kunyanja kuli anthu, asodzi a usipa ndi utaka, ndipo mudzi wawo ndi Chembe. Maclear mwiniwake sanapondepo pamchenga umenewo. Sindikuti dzina lake lifufutidwe, pakuti ntchito anaigwiradi ndipo alendo amalidziwa. Chomwe chimandiwawa n'chakuti ana ambiri a m'tauni amakula akudziwa Cape Maclear koma osamvapo za Chembe. Ku South Africa tauni ya Maclear ya ku Eastern Cape inasinthidwa kukhala Nqanqarhu mu 2021. Ife sitikufunika kufika pamenepo kuti tichite chilungamo. Aphunzitsi, olemba mabuku a sukulu ndi okonza zikwangwani za alendo azitchula mayina onse awiri, ndipo Chembe liziyamba.