Mbiri ya Mawu a Chingerezi Oti "Dalliance"

Omasulira nkhani kuchokera m'Chingerezi amagwira njakata akakumana ndi mawu oti "dalliance". Mtanthauziramawu amapereka matanthauzo awiri ooneka ngati osagwirizana: kukopana kwa mwamuna ndi mkazi, ndiponso kutaya nthawi pachabe. Mbiri ya mawuwa ndiyo imasonyeza pamene matanthauzowa adakumanirana.

M'chaka cha 1066 Anormani ochokera ku France adagonjetsa England, ndipo Chifalansa chawo chidasanduka chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu. M'Chifalansacho mudali mneni woti "dalier", kutanthauza kucheza. Cha m'ma 1300 mneniyu adalowa m'Chingerezi, nabala mneni woti "dally" ndi dzina loti "dalliance". Poyamba mawuwa adalibe chitonzo, ankangonena za macheza. Geoffrey Chaucer, yemwe adamwalira mu 1400, adawagwiritsa ntchito m'buku la The Canterbury Tales pofotokoza za mlaliki wina wopemphetsa, katswiri pocheza ndi pokometsa pakamwa.

Koma macheza akatalika ntchito imaima, ndipo akakhala a mnyamata ndi mtsikana sachedwa kusanduka kukopana. Pofika nthawi ya William Shakespeare, cha m'ma 1600, matanthauzo onse awiri adali atakhazikika. M'sewero la Hamlet, Ophelia akutchula mawuwa pochenjeza mlongo wake Laertes kuti asamalangize ena iye mwini akutsata zosangalatsa za thupi. M'sewero la The Comedy of Errors, wamalonda wofulumira ulendo akuwatchula podandaula kuti anzake akumuchedwetsa. Padabadwanso mawu oti "dilly-dally", onena za kuzengereza kokha.

Masiku ano mawuwa kawirikawiri amanena za chibwenzi chosakhalitsa, kapena za munthu wongolawa chinthu osadziperekapo, monga wandale woyandikira chipani china kwa kanthawi.

Choncho alembi, akonzi ndi aphunzitsi tisafune mawu amodzi a Chichewa oimira zonsezi. Pamene nkhani ikunena za kuchedwa tilembe "kuzengereza", paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Pamene ikunena za chikondi tilembe "kukopana" kapena "chibwenzi chongotayitsana nthawi". Tipewe mawu oti "chigololo", chifukwa ndi olemera kuposa a Chingereziwo, ndipo mkonzi wowasindikiza angathe kuipitsa mbiri ya munthu pa mlandu umene mwini nkhani sadaunene.