Mbiri ya Madzi Okwera Okha

Ku Kapondo, m'boma la Mchinji, limene kale linali Fort Manning, anthu amalima madimba m'mphepete mwa madambo nthawi ya cirimwe. Mvula imakhala itatha kale, koma dothi la dimba likhalabe lonyowa pamene munda wa kumtunda uli gwa. Alimi anadziwa ici kalekale, koma cifukwa cace cinazunguza anzeru zaka zambiri.

Madzi a pansi amakwera m'timipata ta dothi monga momwe palafini amakwerera m'cingwe ca nyali. Ena ankayesa kuti mpweya ndiwo uwakankha, kufikira Francis Hauksbee wa ku London, kuciyambi kwa zaka za 1700, anaonetsa kuti madzi akwerabe m'kapaipi ka galasi ngakhale mpweya utacotsedwa. M'caka ca 1718 sing'anga wina, James Jurin, anapeza lamulo lace: kapaipi kakacepa kawiri, madzi akwera kawiri. M'kapaipi ka milimita 1 m'kati mwace akwera ngati masentimita 3.

Nanga bwanji sakwera kosalekeza? Thomas Young m'1805 ndi Pierre-Simon Laplace m'1806 analongosola kuti madzi amakangamira ku galasi, ndipo kakhungu ka pamwamba pao kamawakoka m'mwamba; koma dziko nalo liwakokera pansi monga mwa kulemera kwao. Mphamvu ziwirizi zikalingana, madzi aima pomwepo. Ku mwezi, kumene cikoka ca pansi cicepa kasanu ndi kamodzi, akadakwera kasanu ndi kamodzi. Umboni wina unaoneka m'2008, pamene Don Pettit, ali m'combo cozungulira dziko m'mene zinthu sizilemera, anapanga cikho ca ngondya yopapatiza, ndipo cakumwa cinakwera cokha kudza ku milomo yace.

Cimene ciphunzitsa mbiri iyi mlimi wa ku Kapondo ndi cakuti kukwera kwa madzi kuli ndi malire. M'mcenga, m'mene mipata iri yaikuru, akwera pang'ono. M'dothi losalala akwera kutali, ngakhale mocedwa. Madzi a dambo akatsika kupitirira muyeso umenewo, kaya ndi cirala kaya ndi zigwembe zokumbika, safikanso ku mizu, ndipo ndiwo za m'dimba zifota madzi ali pansi pomwepo. Cifukwa cace wosunga dambo asunga dimba lace lomwe.