Bantam ya BSA, njinga ya ku Germany yomwe Angerezi adaitembenuza

Mu 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, maiko omwe adapambana adalanda zinthu zambiri ku Germany ngati chipukuta misozi. Ena adazula makina m'mafakitale, ena adatenga akatswiri, ndipo pafupifupi onse adatenga mapulani. Pakati pa mapepala amenewo padali zojambula za kanjinga kamoto kotchedwa DKW RT 125, komwe kadayamba kupangidwa m'tauni ya Zschopau ku Saxony nkhondo ikuyamba kumene. Njinga imeneyi ndi yomwe ndakhala ndikuimasula ndi kuimanganso m'kashedi kanga kuno ku Birmingham, ngakhale pathanki pake padalembedwa BSA. Ndi Bantam D7. Ndidaigula kwa mayi wina wamasiye, amuna awo adaiimika kalekale n'kuifunditsa chinsalu, ndipo chiwalo chilichonse chomwe ndamasula chandiuza kanthu za anthu omwe adaipanga.

Ukatsegula injini yake, sizivuta kuona chomwe aliyense adaikhumbirira. DKW, kampani yomwe adaiyambitsa Jørgen Skafte Rasmussen wa ku Denmark, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 inkapanga njinga zamoto zambiri kuposa kampani ina iliyonse padziko. Luso lake lidali pa injini za two-stroke, zija zopanda mavavu zomwe oyilo umachita kusakaniza ndi petulo. Vuto la injini zotere kalelo lidali lakuti mafuta atsopano akamalowa mu silinda ankasakanikirana ndi utsi, ena n'kuthawira ku ekizozi asanapse. Pofuna kuwatchinga, ankaumba pisitoni yokhala ndi linunda pamwamba, yomwe idali yolemera komanso yotentha msanga. Injiniya wina, Adolf Schnürle, adapeza njira ina. Mabowo awiri olowetsa mafuta adawapendeketsa kuti aloze kukhoma lakumbuyo kwa silinda, mafutawo akwere, akhotere pansi pa mutu wa injini, kenaka akankhire utsi kunja. Linunda lija lidatha ntchito. DKW idagula ufulu wogwiritsa ntchito njirayi, ndipo Hermann Weber adaiika mu RT 125. Zoyenda m'injiniyi n'zowerengeka: pisitoni, ndodo yake ndi crankshaft. Munthu wosauka akanatha kuigula, ndipo akanatha kuikonza yekha pakhonde.

Zschopau idagwera m'chigawo cholamulidwa ndi Soviet Union, ndipo makina a m'fakitale adawapakira kupita nawo kum'mawa. Posakhalitsa ku Moscow kudatuluka M1A, ku Kovrov kudatuluka K-125. Ku America, Harley-Davidson, yodziwika ndi zinjinga zikuluzikulu, idatulutsa yake ya 125cc mu 1948. Anthu a ku Zschopau nawo adatolera zotsala n'kuyambiranso, ndipo fakitale yawo ndi yomwe idadzatchedwa MZ. Angerezi adachita mwanjira yawoyawo. Njinga ya ku Germany magiya unkasintha ndi phazi lamanzere, pomwe Mngerezi adazolowera kusintha ndi lamanja n'kuponda buleki ndi lamanzere. Choncho a BSA adatembenuza pulani yonse, zakumanzere kupita kumanja, miyeso n'kuichotsa ku mamilimita kuipititsa ku mainchi. Bantam D1 idatuluka mu 1948 ili ndi penti wobiriwira motuwira, magiya atatu, kumbuyo yopanda masipuling'i, ndipo ukaikoka kwambiri inkafika pafupifupi makilomita 70 pa ola. Ogula ambiri sankadziwa kuti akukwera njinga ya adani a dzulo lomweli.

Kuti kampaniyo sidalengeze zimenezi ndimamvetsa. BSA idayambitsidwa mu 1861 ndi osula mfuti a mu Birmingham, ndipo chizindikiro chake ndi mfuti zitatu zoimikidwa pamodzi. Pa nthawi ya nkhondo fakitale yake ya ku Small Heath inkapanga zida, ndipo usiku wa pa 19 November 1940 ndege za Germany zidaiponyera mabomba, antchito 53 n'kufa. Bantam idatuluka maliro amenewo akadali m'mitima ya anthu. Koma idagwira msika. Mu 1951 BSA idagula Triumph, ndipo m'zaka zotsatira idali kampani yaikulu koposa yopanga njinga zamoto padziko lonse. Okonda liwiro amakumbukira njinga yake ya Gold Star, koma yomwe inkapititsa anthu wamba kuntchito m'mamawa kukuzizira idali Bantam. Pofika 1971 zidali zitapangidwa zoposa 250,000. A positi ofesi adagula zambirimbiri n'kuzipaka zofiira, ndipo anyamata operekera matelegalamu ndi omwe ankazikwera. Mayi wina, Peggy Iris Thomas, adayenda pa D1 kudutsa Canada, United States ndi Mexico kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, galu wake ali m'bokosi kumbuyo kwa chishalo.

Wogula njinga yotere lero, choyamba kukumana nacho ndi mabawuti. Sipanala za mamilimita zomwe makaniko aliyense ali nazo sizigwira. Nati yodziwika pa Bantam, sipanala ya 13 imakana kulowa, ya 14 imalowa molobodoka n'kudya ngodya zonse. Chifukwa chake chili mu 1841, pomwe Joseph Whitworth wa ku Manchester adakhazikitsa muyeso umodzi wa mazinga a mabawuti kuti bawuti ya fakitale ina izilowa mu nati ya fakitale ina. Nambala yolembedwa pa sipanala ya Whitworth imanena kunenepa kwa bawutiyo, osati kukula kwa mutu wake, moti yolembedwa kota inchi kukamwa kwake kumapitirira pang'ono mamilimita 13. Pamwamba pa izi, opanga njinga a ku Britain adali ndi mazinga awoawo osalala, 26 pa inchi iliyonse, omwe sachedwa kudyeka wina akakakamizapo bawuti yachilendo. Pa njinga yangayi ndapeza mabowo angapo omwe munthu wina adalowetsamo mabawuti a mamilimita mwamphamvu. Kukonza pamenepo kumadya nthawi kuposa kukonza injini.

Injiniyo poyamba idandipatsa chiyembekezo. Pisitoni idali yomasuka, ndipo nditatsuka kabureta ya Amal n'kuika pulagi yatsopano, idalira. Koma utsi wake udali woyera, wochindikala, wonunkha mosiyana ndi wa two-stroke, ndipo ukasiya mafuta injini inkakwera yokha m'malo motsika. Amene adagwirapo injini zotere amadziwa tanthauzo lake. Mu two-stroke, chipinda chomwe crankshaft imazunguliramo ndi pampu: chimayamwa mafuta kuchokera ku kabureta n'kuwakankhira mu silinda, ndiye chiyenera kukhala chotseka kotheratu. Chomwe chimatseka ndi timphira tozungulira m'mbali mwa crankshaft, ma seal. Njinga ikakhala zaka zambiri osayenda, timphira timeneti timauma n'kung'aluka. Mbali ina injini imayamwa mpweya, mbali inayo imayamwa oyilo wa mu giyabokosi, ndipo utsi woyera uja ndi oyiloyo akupsa. Palibe chidule. Injini imatsitsidwa, kilatchi imachotsedwa, chipinda chija chimagawidwa pakati. Ma bearing sumenya ndi hamala. Umatenthetsa aluminiyamu pang'onopang'ono mpaka afutukuke, bearing n'kugwa yokha patebulo. Nditachotsa seal yakumanzere idathetheka m'zala mwanga, youma gwaa. Kamphira kameneka mtengo wake ndi wochepa zedi, koma kakalekereredwa kamapha pisitoni ndi silinda yomwe.

Magetsi ndi a Wipac, a mavoti 6, ndipo waya wopita ku chitsulo cha njinga ndi wa positive, mosemphana ndi galimoto za masiku ano. Wosadziwa akalumikiza batire mwachizolowezi amaotcha rectifier nthawi yomweyo. Mawaya adali atauma, ma switch atachita dzimbiri lobiriwira mkati, ndiye ndidasintha onse. M'thanki mudali dzimbiri ndi phula la petulo wakale. Apa pali vuto lina latsopano: kuyambira September 2021 petulo wamba ku Britain amakhala ndi ethanol wofika 10 peresenti, yemwe amadya mapaipi akale a mphira ndiponso amakoka chinyezi m'thanki. Anzanga a kuno amadandaula nazo ngati zachilendo, koma kwathu ku Malawi takhala tikuthira petulo wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982. Mankhwala ake ndi paipi yopirira ethanol, ndi kusasiya mafuta m'thanki njinga ikamaima miyezi.

Chomwe chidandikhudza kwambiri ndi chivundikiro cha thanki. Kunsi kwake kuli kakapu koyezera oyilo. Pomwetsa mafuta, mwini njinga amatseka kampopi ka petulo, kuyeza oyilo m'kakapuko, kuthira m'thanki, kenaka kugwedeza njinga kuti zisakanikirane. Mu 1948 zimenezi zidali zanzeru. Koma Bantam yomaliza ya 1971 inkafunabe zomwezo. Taonani zomwe adachita ena ndi pulani yomweyo. Mu 1955 kampani ya ku Japan yopanga zoimbira idatengera RT 125 n'kutulutsa njinga yake yoyamba, Yamaha YA-1, ili kale ndi magiya anayi. Bantam idadikira mpaka 1966 kuti ina mwa mitundu yake ipeze giya yachinayi. Pofika 1964 Yamaha idali itaika pampu yothira yokha oyilo m'injini, wokwera n'kuiwala za kuyeza ndi kugwedeza. BSA idakuza injini kuchoka pa 125cc kufika 150cc mu 1954 ndi 175cc mu 1958, idaika masipuling'i kumbuyo, idasintha mitundu ya penti, koma mtima wa njingayo idausiya momwe Weber adausiyira.

Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe BSA idadzipha. Kutengera pulani ya wina sikudali kulakwa. Onse adatengera, ndipo njinga zambiri za ku China zomwe a kabaza amakwera m'matauni a kwathu, injini zake zidatengera Honda CG125 ya 1975. Kulakwa kudali kuganiza kuti munthu wogula njinga yotchipa sasamala. Akuluakulu a makampani a ku Britain adasiyira Japan msika wa tinjinga ting'onoting'ono poganiza kuti phindu lenileni lili pa zikuluzikulu. Mnyamata yemwe adaphunzirira pa Honda yosadontha oyilo, ya magetsi odalirika, atakula sadabwererenso ku BSA. Mu 1969 Honda idabweretsa CB750 ya masilinda anayi, n'kulowa pamsika womwe Angerezi ankati ndi wawo. Mu 1970 BSA idataya ndalama zambiri pa Ariel 3, kanjinga ka matayala atatu komwe anthu sadakagule. Bantam idasiya kupangidwa mu 1971, ndipo mu 1973 zotsala za kampaniyo zidamezedwa mu Norton Villiers Triumph. Mabanja ambiri a ku Small Heath, omwe agogo, bambo ndi mwana adagwirapo ntchito pa fakitale imodzi, adatsala manja ali m'khosi. Zimandipweteka ndikamadutsa m'dera limenelo, chifukwa amisiriwo ntchito ankaidziwa. Pa injini yangayi, mbali ziwiri za chipinda chija zimakumanabe bwinobwino patatha zaka zoposa makumi asanu.

Fakitale itafa, ntchito yosunga njingazi idagwera m'manja mwa eni ake. Adayamba kusonkhana m'makalabu, kugulitsana ziwalo zakale m'misika ya pabwalo monga wa ku Stafford ndi wa ku Kempton Park, ndipo timakampani ting'onoting'ono tidayamba kupanganso ma seal, mapisitoni ndi mawaya. Lero ziwalo za Bantam sizisowa. Boma la Britain nalo limalola kuti njinga yopitirira zaka 40 isamalipire msonkho wa pamsewu mwini wake akailembetsa ngati yakale. Pafupi ndi Birmingham pali National Motorcycle Museum, yomwe idatsegulidwa mu 1984, komwe njinga za ku Britain zasungidwa mazanamazana. Koma mwambowu wabala chizolowezi china chomwe sindigwirizana nacho. Anthu ambiri akagula njinga yakale amathamangira penti ndi chrome, amaipukuta mpaka iwale kuposa momwe idatulukira m'fakitale, kenaka amainyamula pa ngolo kupita nayo kuchionetsero, injini isanalirepo bwino. Bantam sidapangidwire zimenezo. Yanga ili ndi penti woyambirira, wofufuka pomwe maondo a mwini wake woyamba ankakhudza thanki, ndipo sindiupala.

Ngati mwagula yanu, musayambe ndi kuiponda kuti ilire. Pezani kaye sipanala za Whitworth ndi buku la njingayo. Tsukani thanki ndi kabureta, sinthani ma seal ngakhale akuoneka abwino, sinthani mawaya, matayala ndi zingwe za mabuleki, ndipo bawuti iliyonse yomwe mwamasula muisunge, chifukwa ya mazinga amenewo simukaipeza m'sitolo ya pakona. Tsiku loyamba kuitulutsa pamsewu, sankhani msewu wopanda magalimoto ambiri, ndipo mukumbukire kuti buleki yakumbuyo ili kuphazi lamanzere.